Kamunthu Konyamula Sutikesi

Ananu, za ubwana wanga ku Mlangeni sindilemba, chifukwa palibe chimene ndinachita kumeneko choposa cha mtsikana wina aliyense: kutunga madzi, kukumba kachewere, ndi kupita kusukulu ya mishoni mpaka Sitandade 3, pomwe bambo anga ananena kuti zakwana. Zaka zimene ndinachapa zovala kuchipatala mukuzidziwa kale, manja anga munkawaona nokha. Chimene simudziwa ndi ntchito yanga yoyamba. Ndipo iwe Esinati, chisamba changa, kawiri konse unandifunsa chifukwa chimene ang'ono ako anakulira pakhomo panga pomwe iwe unakulira kwa amayi ako aakulu, ndipo kawiri konse ndinakuyankha kuti dikira, moto ukuzima, ndikasonkheze. Tsopano ndinapuma ntchito, ndatopa, ndipo zothawira zandithera. Lero ndikuyankha.

Itatha njala ya 1949

Bambo ako, Esinati, anachoka iwe uli kumsana. Njala itatisiya opanda mbuzi, opanda mbewu, ananena kuti apita ku Halale akagwire ntchito chaka chimodzi chokha. Ndinawaperekeza wapansi masiku awiri, kutsika mapiri mpaka kuchigwa, pa siteshoni ya Bilila. Kameneko kanali koyamba kuti ndione sitima, ndipo itatulukira ndi utsi wake ndinathawira kuseri kwa thanki yamadzi, anthu n'kumandiseka. Bambo ako anavala jekete yofiirira, m'manja ananyamula sutikesi yamalata yobwereka kwa malume awo. Pokwera anati, "Nangozo, mukamva sitima ikulira muziti mwina ndi ineyo." Ndinavomera. Ndili m'njira yobwerera m'pamene ndinakumbukira kuti ku Mlangeni sitima simveka.

Chaka chinatha, kalata osabwera. Amayi anga anamwalira, kamunda kathu tinkagawana ndi akulu anga amene anali ndi ana awo asanu, ndipo ndinaona kuti ndikakhala, njala ina ikadzabwera idzayambira pa iwe. Amene anandipezera ntchito ndi a Ndau, mkulu wina wa mpingo wathu amene ankaphika kwa mzungu woyang'anira misewu pa Boma la Ntcheu. Mzunguyo anthu ankamutcha Bwana Chipewa, chifukwa chipewa chake chinkayamba kutulukira iye asanaoneke. A Ndau anali munthu wamtali, wosekera m'mphuno, ndipo kudzanja lamanja analibe zala ziwiri. Zinatsala kuchigwa, pansi pa chitsulo, nthawi imene ankayala nawo njanji yopita ku Salima.

Tsiku loyamba Dona, mkazi wa Bwana, anandiyang'ana manja, anandiyang'ana mano, kenako anayang'ana iwe. Analankhula nthawi yaitali, a Ndau n'kumamasulira.

"Akuti mwanayo akhale, koma asaoneke kukhonde, asamveke kulira, asakhudze kanthu ka m'nyumba. Akuti tsiku limene adzakhudze kanthu, inu mudzasankhe: ntchito kapena mwana."

"Ndiye ndimsoke pakamwa?" ndinafunsa motsitsa mawu.

"Zimenezo sindimasulira," anatero a Ndau. "Ingonenani kuti yesi Dona."

Ndinanena kuti yesi Dona.

Ntchito yanga inali kuchapa ndi kusita. Kusita chilichonse, ngakhale masokosi ndi matawulo, chifukwa Dona ankaopa mphutsi zimene ntchentche zimaikira pa zovala zoyanika. Simbi inali yamakala, yolemera ngati mwana wa mphero, ndipo kakhala kamodzi kakadumphira pa kolala ya Bwana ndinkaopa kuti ntchito yandithera. Sopo ankamudula ndi mpeni n'kundipatsa kachidutswa koti kakwane sabata. M'chilimwe madzi ankasowa, ndinkatsika kumtsinje kanayi dzuwa lisanafike pamutu. Koma zonsezo sizinkanditopetsa ngati kukuyang'anira iwe. Diso limodzi pa simbi, lina pa iwe. Ukaseka ndinkakugwira pakamwa, ukagwa ndinkathamanga nawe kuseri kwa khola la nkhuku usanatsegule kukamwa, ndipo pofika zaka zitatu unali utaphunzira kulira kopanda mawu, misozi yokha n'kumatsika. Dona anandiyamikira kuti ndili ndi mwana wabwino. Ndinanenanso kuti yesi Dona.

Utayamba kulankhula unayambanso kufunsa. "Amayi, ababa ali kuti?" Ine manja ali m'thovu ndinkangoti, "Ali pa sitima, akubwera." "Ndikawadziwa bwanji?" "Avala jekete yofiirira, anyamula sutikesi." Poyamba sindinkanama, inenso ndinkakhulupirira choncho. Koma tsiku lina kumsika ndinakumana ndi bambo wina wa ku Lizulu wongobwera kumene kuchokera ku Halale, ndipo atandipatsa moni anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Mayi, amuna anu ndinawaona. Ali bwino. Ali pabanja, ndipo dzina anasintha." Ndinathokoza, ndinagula mchere umene anandituma, ndinabwerera kukasita. Madzulo ake unandifunsanso, ndipo ndinakuyankha monga mwa masiku onse. Kuyambira pamenepo ndinkanama.

Chilimwe cha 1953

Chaka chimene kunabwera Chitaganya cha mayiko atatu anthu mitima sinali m'malo. Kumsika ankanong'ona kuti minda ilandidwa, kuti ana asamalandire shuga kwa mlendo. Ine zandale sindinkazitsata, ndinkangoona kuti aliyense ali tcheru ngati nkhuku yoona mthunzi wa kabawi.

Kumapeto kwa khonde la Bwana kunali chipinda chokhoma chimene ankalowamo iye yekha ndi a Ndau. Loweruka masana munkamveka kaphokoso, tchiki-tchiki-tchiki, kenako Bwana kuseka yekha. Nditafunsa a Ndau anati, "Muli njanji." Ndinayesa akundiseka. Koma chaka chimenecho Bwana anaitana anzake awiri okonda zomwezo, wina wa ku Dedza, wina wa ku Limbe wogwira ntchito ku njanji yeniyeni, kuti alumikize tinjanji tawo tonse m'shedi yosungira zida zamisewu, anthu adzaone. Kapena ankafuna kuti anthu aiwaleko za Chitaganya tsiku limodzi, kaya. Anatuma mesenjala ndi Chinyanja chake chodukaduka: "Loweruka sitima yenda pa Boma, anthu onse bwera ona." Mesenjalayo anali asanalowepo m'chipinda chija. Anakwera njinga, anazungulira midzi mpaka ku Lizulu, ndipo mawu akuti chidole sananyamule, poti sanapatsidwe.

Loweruka m'mawa nditatuluka ndi dengu la zochapa ndinaima. Msewu wonse unali anthu. Ena anasenza madengu a kachewere ndi kabichi oti akagulitse ku Limbe, ena nkhuku zomanga miyendo, bambo wina anabwera ndi mphasa ndi kamtolo ka zovala, atatsanzika kale kwawo. Mayi wina wokalamba ankafunsa aliyense kuti, "Kodi njanjiyo ayala liti, poti dzana ndinadutsa pompano panalibe?" Wina anamuyankha kuti, "Inu simuwadziwa azungu."

Dona anatilamula kuti antchito tonse tikaperekere tiyi kwa alendo. Iwe ndinalibe pokusiya, ndiye ndinakuuza kuti ugwire nsalu yanga, usaisiye ngakhale kugwe mtengo. Unali ndi zaka zinayi.

Atatsegula zitseko za shedi anthu anakankhana kulowa, kenako onse anangoti zii. Pakati panali matabwa oyala pa migolo, kutalika kwake ngati mabedi anayi, atazunguliridwa ndi chingwe, ndipo a Ndau anaima pachingwepo atavala zoyera. Pamatabwapo panali dziko lonse. Panali phiri lopanga ndi masaka ndi njereza, lokhala ndi phanga, mlatho wodutsa pa mtsinje wa galasi, mlambe wa waya, ting'ombe, tinyumba, ndi tinjanji topyapyala ngati udzu. Ndipo pansi, akukwawa ndi maondo, panali azungu atatu, amuna oti akalankhula mafumu ankavula zipewa, akukangana za kachitsulo kakang'ono kolowetsera sitima njira ina.

Woyamba kulankhula anali bambo wina wa ku Lizulu, dengu likadali pamutu. "Nanga kachewere wangayu ndilongedze pati?"

"Mmodzimmodzi, bambo," anatero a Ndau, "koma muyambe mwamudula panayi."

Ena anaseka, ena anatukwana. "Tasiya madimba osathirira chifukwa cha masanje a anthu a ndevu zawo!" Bambo wa mphasa uja anangotembenuka n'kutuluka, ndipo mpaka lero ndimaganiza kuti anakanena chiyani kwa amene anawatsanzika. Koma ambiri sanachoke, chifukwa Bwana anali atatenga kiyi, n'kupukusa pamimba pa kasitima, n'kukaika panjanji. Kananyamuka kokha, kakukoka timabogi tisanu, kanalowa m'phanga, anthu n'kugwira mpweya, kanatulukira mbali ina, shedi yonse n'kuti "Aaa!" Ngakhale otukwana aja anasendera pafupi. Mzungu wa ku Limbe anatulutsa kake kobiriwira, wa ku Dedza ankakweza ndi kutsitsa kamkono koimitsira sitima, ndipo a Ndau, amene anapereka zala zawo ku njanji yeniyeni, ankadontheza mafuta pa timawilo ndi nthenga ya nkhuku, nkhope ili ngwee ngati ndi yawo.

Ine ndinali kumbali ndi thireyi ya makapu, ndipo chimene chinandikoka maso si sitimayo ayi, koma siteshoni. Bwana anaipanga motengera masiteshoni a kuchigwa kwathu konkuno: denga lamalata lofiira, benchi, thanki yamadzi pa miyendo inayi, yomwe ija ndinabisalako. Ndipo pa siteshonipo panaima tianthu ta mtovu, totalika ngati chala chaching'ono. A Ndau anandiuza pambuyo pake kuti tonse tinabwera kuchokera kwawo kwa azungu tili toyera, ndiye Bwana anatenga utoto n'kudetsa tina nkhope ndi manja kuti tifanane ndi ife.

Mayi wina wogulitsa mtedza amene tinkadziwana anandikodola ndi chigongono. "Nangozo, tapenyetsetsani. Si zidole izi. Ndi ndondocha." Ananu amene munakulira m'tauni, ndondocha ndi munthu amene mfiti yamutenga, n'kumuchepetsa, n'kumudula lilime kuti aziigwirira ntchito osanena kanthu. "Machona onse aja amene amakwera sitima osabwerera," anapitiriza, "inu mumati amathera kuti?" Ine ndinali wa Sitandade 3, wobatizidwa, woimba kwaya. Ndinamuuza kuti asiye zachikunja. Koma maso anga sanachoke pa tianthu tija.

Nthawi yomweyo Bwana anakuwa kuti ana adutse kutsogolo, aone bwino. A Ndau anakweza chingwe, ana anathamangira, ndipo ndinangomva nsalu yanga yapepuka. Ndinafuna kukuitana koma Dona anali pomwepo akudikira shuga, ndinafuna kuika thireyi pansi koma poika panalibe, ndiye ndinkathira tiyi maso ali kwa iwe, ndipo ndinaona chimene wina aliyense sanaone, kuti ana onse mitu yawo inkazungulira kutsata sitima, koma wako wokha sunkagwedera. Unali utaima pa siteshoni paja, chibwano chitagunda thabwa, ukuyang'ana malo amodzi. Kenako kasitima kobiriwira kanaphonya njanji pamlatho n'kugwera mumtsinje wa galasi, anthu anakuwa, azungu atatu anadumphira komweko, nanenso ndinacheuka, kamodzi kokha. Pobweza maso, iwe unali utabwerera kale, wagwira nsalu yanga ndi dzanja lamanzere. Lamanja unali utafumbata.

Nkhonyayo ndinaiona. Ndikulemba pano kuti ndinaiona. Sindinakufunse, chifukwa ndinaopa yankho.

Lamulungu ndi Lolemba lake

M'mawa mwake alendo akulongedza, zinaoneka kuti kamunthu kalikonse kanali ndi pogona pake m'bokosi la thonje, ndipo malo amodzi anatsala opanda kanthu. Anasesa shedi yonse, anakutumula masaka, osakapeza. Bwana anafiira mpaka m'khosi. Sikuti kanali kodula kokha ayi, anati kanali ka bambo ake, ndipo anakadetsa yekha ndi burashi ya tsitsi zitatu. Dona ankangobwereza kuti ananena kale kuti anthu asalowetsedwe. Pomaliza Bwana anagamula kuti amene anaima pachingwe ndi a Ndau, ndiye kakapanda kupezeka pofika Lolemba masana, a Ndau anyamule zawo.

Titabwerako kutchalitchi a Ndau anandipeza pamwala wochapira. Anakhala pansi pang'onopang'ono, monga amakhalira munthu amene bondo lake linatha kale. Akazi awo nthawi imeneyo anali kuchipatala cha pa Boma pomwepo ndi chifuwa, ndipo iwo ankawapititsira phala kawiri patsiku.

"Nangozo," anatero, "ine zimene zinapunguka ndi zala. Maso ndili nawo onse awiri."

Ndinasiya kuchapa.

"Koma dzulo sindinaone kanthu," anapitiriza. "Munthu wokalamba saona bwino. Kwathu kuli munda, ndikalima."

"Nanga amayi kuchipatalako?"

"Mulungu alipo." Anadzuka n'kusasa fumbi. "Inu muli ndi mwana. Ine anga anakula."

Akanandikalipira zikanandipepukira. Atachoka ndinapita kukakufuna. Ndinakupeza kuseri kwa khola la nkhuku, komwe kuja ndinkakubisa ukamalira. Unali utamanga kanyumba ka zidutswa za njerwa, ndipo m'kati mwake, pa tsamba la mango, panagona kamunthu kovala jekete yofiirira, sutikesi ili m'manja. Unakafunditsa kansanza kofiira kotsala pa diresi ya Dona, n'kukamanga ndi ulusi m'khosi. Pambali panali kachigoba ka mafuta anga a nsatsi.

"Musasokose, amayi," unatero monong'ona. "Ababa atopa. Ulendo unali wautali."

"Esinati, wachita chiyani?"

"Ndawasambitsa ndi mchenga, anali mbuu. Ndawadzozanso."

Nditakatenga ndinaona kuti mchengawo unachotsa utoto wakumaso. Manja anali a munthu wakuda, koma nkhope inali itabwerera kukhala ya mzungu.

"Awa si ababa ako. Ndi chidole cha Bwana."

"Ndi iwowo. Jekete iyi, sutikesi iyi. Munanena nokha. Anali pa sitima."

"Nanga ababa ako angakhale aang'ono chonchi?"

Unandiyang'ana ngati wopusa ndine. "Poti akadali kutali. Munthu akakhala kutali amaoneka wamng'ono. Akafika akula."

Ananu, ndagwira ntchito zolemera pamoyo wanga, ndanyamula mabulangete onyowa a wodi yonse, koma palibe chimene chinandilemera ngati mawu amene ndinanena pamenepo. Ndinagwada n'kunena kuti, "Ababa ako sali pa sitima. Sakubwera. Ali ndi nyumba ina kutali. Ine ndinkakunamiza." Unali utakalanda kale m'manja mwanga n'kukafumbatanso, ndiye ndinachita kukutambasula zala, chimodzichimodzi. Sunakuwe. Unangotsegula kukamwa, misozi n'kumatsika, monga ndinakuphunzitsira.

Lolemba m'mawa ndinakapereka kwa a Ndau kukhitchini. Anakatembenuza, anapukusa mutu. "Ndinakuuzani kuti sindinaone kanthu." Kenako anati, "Chabwino. Mukanene kuti mwatola m'udzu kuseri kwa shedi, pokataya madzi. Musaonjezere. Zotsalazo ndimasulira ine."

Tinawapeza pakhonde akumwa tiyi. Ndinagwada n'kutambasula dzanja. Bwana anakatenga, anavala magalasi, anayang'ana nkhope yopalidwayo, anakanunkhiza. Dona anaona ulusi wofiira umene ndinaiwala kumasula m'khosi, ndipo anauzindikira, poti unali wake. Anafunsa, ndipo funsolo ndinalimva ndekha popanda womasulira: udzu wanji umene umasambitsa chidole n'kuchidzoza mafuta? Pamenepo zonse zimene tinapangana zinathawa m'mutu mwanga, mawu anangotuluka okha osapumira, kuti ndi mwana wanga bwana, sanabe ayi, sadziwa kuba, anayesa ndi ababa ake, ababa ake anakwera sitima iye ali wakhanda ndipo ine ndinkamuuza kuti akubwera, wolakwa ndine, a Ndau sanalakwe, mundimenye ine.

A Ndau anaima njo, n'kunena m'Chingerezi modekha kuti mayiyu akuti anatola m'udzu.

Bwana anawayang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndau, ine Chinyanja imva pang'ono." Kenako anatembenukira kwa ine. "Bambo wake kuti?"

"Ku Halale, bwana."

"Zaka zingati?"

Ndinaonetsa zala zitatu. Anayang'ana kamunthuko pachikhatho pake, ndipo kwa kanthawi ndinaganiza kuti andibwezera. Ndikhulupirira kuti nayenso anaganizako. Koma anakaika m'thumba la malaya, anauza a Ndau kuti abwerere kukhitchini, nkhani yawo yatha, ndipo iye anatenga chipewa chake n'kupita kumisewu. Za m'nyumba zinali za Dona. Dona sanakalipe ayi. Anangondikumbutsa zimene tinapangana tsiku loyamba, n'kundipatsa mpaka Lachisanu.

Lachisanu, ndi zaka zotsatira

Masiku anayi amenewo ndinkasita malaya amodzi kawirikawiri osadziwa. Ndinkaganiza zonyamuka nawe kubwerera ku Mlangeni, kenako ndinkakumbukira kamunda kaja ndi pakamwa ponse podalira pamenepo, ndinkakumbukira chaka cha njala, ana amene tinawaika m'manda mimba zili zotupa. Pa Boma ndinkalandira phoso, ufa ndi nyemba ndi mchere sabata iliyonse, ndipo theka lake likanatha kukutsata kumudzi. Ndikanapita nawe, tikanakhala limodzi n'kumagona ndi njala limodzi. A Ndau anayesa kundifunsira kwa azungu ena awiri, onse anati safuna wantchito wamwana. Sindikunena izi kuti undikhululukire. Amayi ena akanasankha mwina, ndipo mwina akanachita bwino. Ine ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndinali ndekha, ndipo ndinkaopa njala kuposa china chilichonse. Ndinatumiza uthenga kwa akulu anga.

Anabwera Lachisanu m'mawa. A Ndau anapempha dalaivala wa lole yamisewu imene inkapita cha ku Lizulu kuti akutengeni, ndipo anakupatsa buledi wokulunga m'pepala. Chiyambire Lamulungu lija unali usanandilankhule. Nditakukweza pamwamba pa mafosholo m'pamene unafunsa.

"Inu mubwera liti?"

Mawu akuti ndikubwera anafika pamilomo, ndinawameza. "Pa Khirisimasi. Mvula ikagwa, chimanga chikafika m'maondo mwako."

"Si bodza?"

"Si bodza."

Lole inanyamuka. Msewu wa kumpoto umakwera molunjika kwa kanthawi usanakhote, ndiye ndinaima pakati pake n'kumakuona. Sunakweze dzanja. Unangokhala tsonga pambali pa amayi ako aakulu n'kumachepa, kumachepa, mpaka unafika potalika ngati chala changa chaching'ono, kenako fumbi linakutseka. Ndinabwerera, poti makala m'simbi anali akuzima.

Bwana anakadetsanso nkhope kamunthu kaja. Kenako anatenga ulimbo wawo wa m'botolo n'kumata tianthu tonse pa siteshoni, kuti wina asadzatolenso. Ndipo poti ndinabweza ndekha chinthu chotayika, ananena kuti ndine wokhulupirika, n'kundipatsa ntchito ina yoonjezera: Lachisanu lililonse a Ndau ankanditsegulira chipinda chija kuti ndipukute fumbi. Zaka zinayi ndinkapukuta phiri, mlatho, thanki yamadzi, ndi bambo wa jekete yofiirira uja, ndi nthenga ya nkhuku, pang'onopang'ono kuti ndisamukande. Sitima inkamudutsa Loweruka lililonse, iye ali chiimire ndi sutikesi yake, mapazi omatidwa, osakwera, osabwera. Tsiku lina a Ndau anandipeza ndikumuyang'ana, anati, "Mayi wa mtedza uja ananena kuti ndi ndondocha, eti?" Ndinati eya. Anaseka m'mphuno. "Anangophonya poloza. Ndondocha zake ndi ife ogwira nthengafe."

Bwana atasamutsidwa anapakira njanji yake m'mabokosi n'kundisiyira kalata yondichitira umboni. Kalata imeneyo ndi imene inandilowetsa ntchito kuchipatala, komwe ndinakumana ndi bambo wa enanu, ndipo nsapato zanu zonse ndi makope anu onse anachokera m'kalata imeneyo. Muzidziwa amene anailipirira, ndipo muziwapatsa ulemu akulu anu.

Pa Khirisimasi yoyamba ija ndinafikadi, Esinati, chimanga chili m'maondo mwako. Ndinafika ndi sopo ndi kadiresi, ndipo ndinakupeza ukusewera pabwalo, ukuseka mokweza, mawu amene ine ndinali ndisanawamvepo. Utandiona unathamangira m'nyumba ukukuwa kuti, "Amayi, kwabwera aja a ku Boma!" Nditapeza nyumba yanga ndinabwera kudzakutenga, unakana, ndipo sindinakukakamize.

Unandiphunzitsa uli ndi zaka zinayi kuti munthu akakhala kutali amaoneka wamng'ono, akafika amakula. Bambo ako sanafike. Ine ndinkafika Khirisimasi iliyonse osaphonya, koma sindidziwa ngati pamaso pako ndinakulapo. Yankho la funso lako ndi limeneli. Ukawerenga, ngati pali china chofunsa, ubwere udzafunse. Moto ndasonkheza kale, sindidzukanso.